Kalata yotseguka: m'tchalitchi cha pa Twywell muli agogo athu, koma opanda maina

Kwa inu a High Commission yathu ku London, kwa mabwana a Dipatimenti ya Museums and Monuments kumudzi, kwa Ambuye Mabishopu a mpingo wa Anglican m'Malawi, ndi kwa inu a Gogo Chalo a dera la Magomero. Ndalemberanso inu akuluakulu a tchalitchi cha St Nicholas pa Twywell ndi a dayosizi ya Peterborough, inuyo mpaka wina akumasulireni, koma ndafuna kuti iyambe yamveka m'chilankhulo chathu chifukwa nkhaniyi ndi ya kwathu.

Odi akuluakulu, ndagwada. Ine ndine mwana wa ku Chiradzulu, ndinakulira kufupi ndi Namadzi, pano ndili kuno ku England ndimagwira ntchito yosamalira agogo okalamba mbali ya Kettering. Sindine wa mbiri yakale ayi, sukulu yanga ndi ina, koma zimene ndaona pakamudzi kena kuno zandikhala pamtima miyezi ndithu nde ndati bola ndilembe, mwina mwa inu wina amva.

Kamudziko dzina lake Twywell, kali ku North Northamptonshire, pambali pa msewu waukulu wa A14 pakati pa Kettering ndi Thrapston. Ukamadutsa pa A14 mathiraki akuthamanga sungadziwe kuti kuseri kwa mitengo uko kuli anthu. Ndi kamudzi kakang'ono zedi, anthu ake sakwana ndi 200 omwe, kwathu amenewo ndi anthu a pa chinkhoswe chimodzi. Nyumba zake ndi za miyala, zina zofolera ndi udzu, ndipo kuno denga la udzu si la osauka ngati kwathu, ndi chinthu chodula chimene amachinyadira ndi kuchisamala. Dzina loti Twywell limatanthauza akasupe awiri, ndipo mudziwu unalembedwa kale m'kaundula wamkulu wa malo uja wa mu 1086 amene amamutcha Domesday Book. Taganizani, 1086. Mayi wina wolemba mabuku wotchuka m'nthawi yake, Hester Chapone, anabadwira momwemo mu 1727. Kunja kwa mudzi kuli malo otchedwa Twywell Hills and Dales, kale ankakumbako miyala ya chitsulo, pano maenje ndi zitunda zija zinamera udzu ndi maluwa, kuli agulugufe, anthu amapita kukayenda ndi agalu awo. Ine ndinafika kumeneko chifukwa cha malo amenewa, nditaweruka shifiti ya usiku mutu uli gwa ndimafuna kupitidwa mphepo, za tchalitchi sindinkaziganizira.

Tchalitchicho ndi chakale, mbali zina anamanga m'zaka za m'ma 1100, makoma ake ochindikala ozizira ngakhale kunja kuli dzuwa. Ndinalowa ngati mkhristu aliyense amene waona nyumba ya Mulungu, ndinapemphera pang'ono kenako ndikuyenda kupita kutsogolo kumene kumakhala kwaya. Pa mipando ya kwaya ija pali zosemasema. Poyamba ndinaona nyama, ndikuti aa izi si nyama za kuno izi, izi ndi za kwathu ku Africa, zikutani muno? Ndiyeno ndinaona anthu. Anthu akuda, omangidwa ukapolo, osemedwa pa mtengo m'katchalitchi ka pamudzi wa azungu okhaokha. Ndinakhala pansi. Ndikunena zoona akuluakulu, miyendo inalefuka, chifukwa nditawerenga dzina la munthu amene mipandoyo inapangidwa pomukumbukira ndinazindikira kuti anthu osemedwawo si a dziko lina lakutali ayi, nkhani yawo imadutsa pakhomo pathu penipeni, pa Magomero.

Munthuyo ndi Horace Waller. Anali wansembe wa pa Twywell kuyambira 1874 mpaka 1895, zaka 21, ndipo anamwalira mu 1896. Koma asanakhale wansembe, ali mnyamata, anabwera kwathu mu 1861 ndi gulu loyamba la amishoni a Anglican a UMCA limodzi ndi Bishopu Charles Mackenzie, akutsogoleredwa ndi David Livingstone. Inu Ambuye Mabishopu nkhaniyi mumaidziwa kuposa ine, koma ndiloleni ndiibwereze chifukwa cha ena owerenga. Pa 16 July 1861, akukwera mapiri kuchokera kuchigwa cha Shire, anafika pamudzi wa Mbame ndipo pomwepo panadutsa mdipiti wa anthu ogwidwa ukapolo, amuna ali m'magoli, amayi ndi ana omangidwa zingwe. Owayendetsa anathawa, anthu 84 anamasulidwa tsiku limenelo, magoli anachita kuwacheka ndi sowo. Mawu oti goli azungu aja anawatenga momwemo, m'zolemba zawo mumapezeka goree, ndi goli lathu lomweli limene timalitchula mpaka lero tikamati munthu ali m'goli. Anthu amenewo ndi ena amene anamasulidwa masiku otsatira ndi amene anakayamba nawo mishoni pa Magomero, pamalo a mfumu Chigunda.

Ndiye mpingo woyamba wa pa Magomero sanali azungu ochepa aja okha. Unali amayi, ana amasiye, anyamata amene zipsera za goli zinali zisanapole m'khosi. Ndipo ena mwa iwo maina awo tikuwadziwa, ichi ndi chimene chikundipweteka. Panali kamnyamata ka Chiyao dzina lake Chuma. Panali mnzake Wekotani. Panali kamtsikana kakang'ono, Daoma, kamene Bishopu Mackenzie anakanyamula paphewa chifukwa sikakanatha kuyenda, ameneyo pambuyo pake anapita ku Cape Town, anabatizidwa dzina loti Anne ndipo anakhala mphunzitsi wa ana kumeneko. Awa si anthu ongopeka, anali ndi mayi awo, anali ndi mudzi wawo, anali ndi mfunda wawo.

Sindikufuna kumuyeretsa Waller kapena anzake, ndipo ndikupemphani inunso musatero. Amishoni aja sanangolalikira, ananyamula mfuti ndikukamenyana ndi Ayao m'chaka chomwecho cha 1861, midzi inatenthedwa, analowerera nkhondo imene sankaimvetsa bwino poganiza kuti Amang'anja ndi ozunzidwa okhaokha ndipo Ayao ndi ogwira akapolo okhaokha, pamene Ayao ambiri nawonso anali othawa nkhondo ndi njala kwawo, ndipo ana ambiri amene iwo anawapulumutsa anali Ayao omwewo. Ife a ku Chiradzulu magazi athu ndi osakanikirana, Amang'anja, Ayao, Alhomwe, tonse tinakwatirana, nde ine sindingaime mbali imodzi. Mishoni ija inagwa msanga. Mackenzie anamwalira pa 31 January 1862 kufupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, wansembe mnzake Henry Burrup anatsatira patangopita masabata ochepa ndipo manda ake ali pa Magomero, otsalawo anatsikira kwa Chibisa ku Chikwawa kumene amishoni ena awiri, Scudamore ndi Dickinson, anamwalira mu 1863 nthawi ya njala yoopsa ija imene inapulula anthu m'chigwa cha Shire. Bishopu watsopano, Tozer, anaganiza zochoka, ndipo pofika 1864 mishoni inali itasamukira ku Zanzibar.

Koma pamenepa ndi pamene ndimamupatsa ulemu Waller. Pamene zinaoneka kuti amayi ndi ana aja asiyidwa kuti aone okha chochita, m'dziko loti munali njala ndi nkhondo, iye anakana. Anasiyana ndi mishoni ndikuwasamalira, mothandizana ndi Livingstone anawatsitsa mpaka kunyanja yamchere, ena ndikukafika ku Cape Town. Chuma ndi Wekotani anapita ndi Livingstone ku Bombay, m'kasitima kaja ka Lady Nyassa, kumeneko anaphunzira ndi kubatizidwa. Wekotani anadzabwerera natsalira kwa Mponda ku Mangochi mu 1866. Chuma sanatsale, anayenda naye Livingstone ulendo womaliza wonse mpaka pamene anamwalira kwa Chitambo ku Zambia mu May 1873.

Zimene zinachitika pamenepo ana athu amaphunzira kusukulu mwachidule kwambiri, amangoti antchito ake okhulupirika ananyamula thupi lake. Antchito okhulupirika. Chuma ndi Abdullah Susi, munthu wa ku Shupanga pa Zambezi, ndi amene anatsogolera gulu lonse, anaganiza okha chochita popanda mzungu wowalamula. Mtima anaukwirira pansi pa mtengo, thupi analiumika ndi mchere padzuwa, analikulunga m'nsalu ndi m'khungwa la mtengo kuti lioneke ngati katundu wamba, chifukwa inu a Gogo Chalo mukudziwa kuti palibe mfumu imene ingalole maliro achilendo kudutsa m'mudzi mwake mwachisawawa. Anayenda makilomita oposa 1,500, miyezi pafupifupi isanu ndi inayi, akudwala, ena akufa panjira, mpaka kukafika ku Bagamoyo mu February 1874. Ndipo sananyamule thupi lokha, anasunganso mabuku ake, mapepala, mapu, zonse. Pa maliro ku Westminster Abbey pa 18 April 1874 Waller anali mmodzi mwa onyamula bokosi, Jacob Wainwright, mmodzi mwa anthu akuda amene anaperekeza thupilo kuchokera kwa Chitambo, analipo, koma Chuma ndi Susi panalibe, anafika ku Britain mwambo utatha kale, anachita kuwalipirira ulendo James Young mnzake wa Livingstone.

Atafika anakhala pansi ndi Waller, amene ankalankhula nawo bwino chifukwa Chuma anamudziwa ali mwana pa Magomero, ndikumufotokozera zonse za masiku omaliza, njira, mitsinje, maina a mafumu, mmene anamupezera atafa. Waller anasonkhanitsa zolemba zomaliza za Livingstone ndikuzitulutsa mu 1874, chaka chomwecho chimene anapatsidwa parishi ya Twywell. Mbali yomaliza ya nkhani imene dziko lonse limaidziwa, yoti anafa atagwada ngati akupemphera, yoti thupi linayenda bwanji, inachokera pakamwa pa anthu athuwa. Akatswiri a mbiri anaonetsanso kuti Waller anadula ndi kusalaza mawu ena a Livingstone kuti aoneke woyera mtima kuposa mmene analili, pofuna kuti anthu a ku Britain akwiye ndi malonda a akapolo. Chuma anapitiriza kutsogolera maulendo akuluakulu, anayenda ndi Bishopu Steere wa UMCA komanso Joseph Thomson, mzungu wofufuza malo, ndikumwalira ku Zanzibar mu 1882 ali ndi zaka za m'ma 30 basi.

Tsono m'tchalitchi cha Twywell muja, kuwonjezera pa mipando, amasunganso tizinthu ta nthawi imeneyo, kuphatikizapo tizidutswa ta khungwa limene anakulungira thupi lija, ndi timiyala titatu tochokera ku Yerusalemu timene General Gordon, uja anaphedwa ku Khartoum mu 1885, anatumizira mnzake Waller. Timiyala ta Gordon ndi nkhani yawo. Koma khungwa lija ndinaliganizira kwambiri. Anasenda ndani khungwa limenelo? Ndi manja a ndani amene analimanga, ndi mapewa a ndani amene anatupa nalo miyezi isanu ndi inayi? Mlendo akaliona amaganiza za Livingstone, pamene khungwalo ndi umboni wa nzeru ndi thukuta la Chuma ndi Susi ndi anzawo aja.

Kwathu dzina la Waller tinalisunga pa phiri lathunthu. Inu amene mwayendapo msewu wa kunyanja kumpoto cha ku Chiweta mukulidziwa phiri la Chombe, azungu analitcha Mount Waller ndipo m'mapu ambiri lidakali choncho. Iye ali ndi phiri kwathu. Anthu athu kwawo kwa iye ali pa mtengo wosema, mitu yowerama, ndipo chosema sichitchula dzina la munthu.

Anthu a pa Twywell sindikuwadandaula ayi, ndipo ndikufuna izi zimveke bwino. Ndimawathokoza. Anthu osakwana 200, amene amapemphera Lamulungu ndi ochepanso kuposa pamenepo, asunga zinthu zimenezi zaka zoposa 100. Ambiri kumudzi amaganiza kuti matchalitchi akale a ku England amasamalidwa ndi boma, si choncho. Udindo wokonza denga, makoma, magetsi, inshuwalansi uli pa akhristu a parishiyo, kudzera mu komiti yawo imene amaitcha PCC ndi akuluampingo otchedwa churchwarden, anthu ongodzipereka osalandira kanthu, ambiri ndi opuma pantchito. Pa zaka zisanu zilizonse katswiri wa zomanga amabwera kudzayendera nyumba yonse ndikulemba lipoti la zofunika kukonza, ndalama zake azipeze okha, kugulitsa makeke ndi tiyi, kulemba makalata opempha ku mabungwe ngati National Lottery Heritage Fund. M'midzi yambiri ya kuno wansembe mmodzi amasamalira matchalitchi angapo, akuba amasenda mtovu wa padenga usiku, ndipo matchalitchi ena anatsekedwa chifukwa anthu anatha. Chimene chimateteza nyumba zoterezi ndi kaundula wa nyumba zakale amene amasungidwa ndi bungwe la Historic England, muli magiredi atatu, ndipo nyumba ikalowa mmenemo sungaigwetse kapena kuisintha mmene ukufunira. Ndikulongosola zonsezi kuti muone kuti zinthu zathu zija zili m'manja mwa anthu ochepa okalamba a mtima wabwino, ndipo anthu amatha. Tsiku limene mpingo wa pamenepo udzachepe mpaka kulephera, adzayankhulire khungwa lija ndani ngati eni nkhani sitinaonekeko ngakhale kamodzi?

Ndiye pempho langa loyamba likupita kwa inu a High Commission. Kuchokera ku London St Pancras kufika ku Kettering ndi ulendo wa pafupifupi ola limodzi pa sitima, kuchokera pamenepo ndi mphindi zochepa pa galimoto. Bwerani mudzaone ndi maso anu, kandimverere anakanena za m'maluwa. Mubwere ndi mbendera yathu, mukhale pansi ndi anthu a pamudzipo, mumwe nawo tiyi, muwauze kuti dziko limene Waller anakhalako likadalipo, lili ndi dzina, ndipo zidzukulu za anthu aja zili moyo, zina zikusamalira makolo awo m'nyumba za okalamba za ku Kettering ndi Corby konkuno. Tikamakumbukira ufulu wathu pa 6 July timasonkhana m'maholo a m'matauni akuluakulu, ndi bwino, koma 16 July ili pafupi pomwepo, ndi tsiku limene anthu 84 anavulidwa magoli kwa Mbame. Chaka chimodzi tingathe kuchitira mapemphero pa Twywell, kwaya ya Amalawi a ku Northampton, Leicester, Nottingham ikhale pa mipando yomweyo ndikuyimba m'Chichewa ndi m'Chiyao. Ine ndikangoganiza zimenezo misozi imalengeza.

Kwa inu a tchalitchi cha St Nicholas ndi a dayosizi ya Peterborough, sindikupempha kuti muchotse mipando, kapena muiphimbe, kapena muitumize ku Malawi. Ena mwa anzanga nditawaonetsa zithunzi anakwiya, anati zosema zotere zimatichotsa ulemu, zichoke. Ndimawamvetsa, koma ine ndikuona mosiyana. Zikachoka ndiye kuti umboni wachoka, ndipo ukapolo unachitikadi, agogo athu anavaladi magoli, si chinthu chochita nacho manyazi ife, manyazi ndi a amene ankagula ndi kugulitsa, ndipo ena mwa ogulitsawo anali a khungu lathu lomwe. Chimene ndikupempha ndi maina. Kachikwangwani pafupi ndi mipandoyo, m'Chingerezi, m'Chichewa ndi m'Chiyao, konena kuti anthu amene Waller anakhala nawo pa Magomero ena mwa iwo ndi awa, James Chuma, Wekotani, Anne Daoma, ndipo amene anatsogolera kunyamula thupi limodzi ndi Chuma ndi Abdullah Susi, ndi mizere iwiri itatu ya zimene aliyense anadzachita pa moyo wake. Kuti mwana wa sukulu akalowa aone goli, inde, koma aonenso kuti kamnyamata kamene kanali pamdipiti umenewo kanakula ndikutsogolera anthu kudutsa theka la Africa. Ndikudziwa kuti m'matchalitchi a Church of England sungangokhoma chinthu pakhoma, pamafunika chilolezo chimene mumachitcha faculty, chimadutsa ku komiti yolangiza ya dayosizi ndikukavomerezedwa ndi woweruza wa dayosizi wotchedwa chancellor, ndipo zimatenga nthawi. Tidikira. Poyambira ngakhale kapepala kosindikiza bwino koikidwa pa tebulo la pakhomo kakwanira. Ndalama zake musadandaule nazo nokha, ife Amalawi a kuno timadziwa kusonkha, maliro akagwa timatumiza thupi kumudzi m'masiku ochepa kudzera m'magulu a pa WhatsApp, kachikwangwani sikangatikanike.

Ambuye Mabishopu, apa ndi pamene mawu anu angalemere kuposa anga. Kalata yochokera kwa inu kupita kwa Bishopu wa Peterborough ingatsegule chitseko chimene ine wosamalira agogo sindingachitsegule. Mpingo wathu umawerenga chiyambi chake kuchokera pa Magomero mu 1861, ndipo Twywell ndi kumene mmodzi mwa oyambitsawo anakathera zaka zake zautumiki, akulembabe ndi kulankhula motsutsa malonda a akapolo a kum'mawa kwa Africa mpaka ukalamba. Ubale wa parishi ziwirizi ndi wachibadwidwe, sukufunika kuchita kuupanga. Ana a Sande sukulu a ku Magomero atha kulemberana ndi ana a kuno. Wansembe wathu akabwera ku England pa maphunziro kapena msonkhano, adzalalikireko Lamulungu limodzi. Ndipo chonde nkhaniyi isakhale ya Anglican okha, Chuma anali Myao, abale ake ambiri lero ndi Asilamu, Susi naye nthawi ya ulendo uja anali Msilamu, nde mashehe athu nawo aitanidwe.

Kwa inu a Museums and Monuments ndili ndi zinthu ziwiri. Choyamba, tumizani munthu, kapena gwirizanani ndi ophunzira athu amene ali m'mayunivesite a kuno, ajambule bwinobwino mipando ija ndi zinthu zonse zokhudza kwathu zimene zili m'tchalitchimo, ndi chilolezo cha eni ake, zithunzizo zikaikidwe ku miyuziyamu ya Chichiri kuti mwana wa ku Ndirande kapena wa ku Nguludi amene sadzakwera ndege aone. Masiku ano pali makina ojambula chinthu mbali zonse mpaka kupanga chofanana nacho, ndipo asemi athu a ku Mua angathe kusema yankho lathu, anthu omwewo koma ataimirira, magoli ali pansi. Chachiwiri ndi mapepala. Madayale ndi makalata a Waller amasungidwa ku Oxford, mu laibulale ya Bodleian, ndipo mmenemo analemba za tsiku ndi tsiku pa Magomero ndi kwa Chibisa, maina a anthu, milandu, njala, mafumu. Imeneyo ndi mbiri ya midzi yathu yolembedwa ndi munthu amene anaona ndi maso, ngakhale anaona ndi maso a mlendo. Pemphani makope akhale ku National Archives ku Zomba, kuti mphunzitsi wa ku Yunivesite ya Malawi kapena mwana wa fomu folo wofuna kudziwa asafunike visa kuti awerenge za agogo ake.

Ndipo ndikamaona mmene anthu ochepawa amasesera manda a zaka mazana, kudula udzu, kulemba kabuku kofotokoza mwala uliwonse, ndimaganiza za malo athu. Kwa Mbame, pa Magomero, manda a ku Chikwawa, kufupi ndi Chiromo kumene anagona Mackenzie. Lamulo loteteza malo otere tili nalo, Monuments and Relics Act, koma lamulo silisesa pabwalo, amasesa ndi anthu. Chimene ndaphunzira pa Twywell ndi choti malo amasungika pamene anthu a pamudzipo akuwaona ngati awo, kiyi ali naye munthu wa pomwepo, nkhani akuidziwa ndi a pomwepo. Ndi chifukwa chake ndakulemberani inu a Gogo Chalo. Magomero ili ndi mbiri ziwiri zolemera pamalo amodzi, ya 1861 ndi ya January 1915 pamene anthu a John Chilembwe anaukira pa esiteti ya A. L. Bruce chifukwa cha thangata, ndipo Bruce mwini dzinalo anali mkamwini wa Livingstone yemweyo, anakwatira mwana wake Agnes. Malo amene anthu omasulidwa magoli anakakhala anadzasanduka malo a thangata m'manja mwa banja lomwelo. Ndi inu mungaitane agogo amene atsala, anene zimene anamva kwa makolo awo, achinyamata ajambule pa foni zisanapite nawo kumanda. Mwina pali mabanja amene akudziwa kuti kholo lawo linali pa gulu la anthu aja, ndipo ngati alipo maina amenewo ndi amene tikufuna pa chikwangwani chija.

Wina anandiuza kuti tsabola wakale sawawa, zisiye, tili ndi mavuto a lero, mafuta, feteleza, ndalama yakunja. Zoona mavuto alipo ndipo ine ndimatumiza kumudzi mwezi ndi mwezi, ndikuwadziwa. Koma ameneyu amawawabe, ine anandiwawa nditakhala pa benchi lija ndekha, munthu wakuda m'tchalitchi chopanda munthu, ndikuyang'anizana ndi anthu a mtundu wanga amene akhala chete mmenemo kuyambira nthawi ya Mfumukazi Victoria. Ndipo zimene ndapemphazi si za mamiliyoni, ndi tikiti ya sitima, kalata imodzi, kachikwangwani, makope a mapepala.

Mwezi wa September kuno kumakhala masiku otchedwa Heritage Open Days pamene nyumba zakale zambiri zimatsegulidwa ulere, komanso Loweruka lina anthu amayenda pansi ndi pa njinga kuzungulira matchalitchi a m'midzi posonkhetsa ndalama zokonzera, amati Ride and Stride. Chaka chino ine ndayamba kale kuuza anzanga a kuntchito ndi a kumpingo kuti tisinthane mashifiti tipite monga gulu, tikapereke kangachepe kathu ka denga la tchalitchicho, ndipo ndidzatenga pepala lolembapo maina anayi aja kuti tikawatchule mokweza pamaso pa mipando ija, Chuma, Wekotani, Daoma, Susi, mmodzimmodzi monga timachitira pa manda. Galimoto yanga imakwana anthu anayi, ndipo ngati mmodzi wa inu akuluakulu atatsika sitima pa Kettering tsiku limenelo ndidzamutenga ndine.

Ine wanu,
Mwana wa ku Chiradzulu wokhala ku Kettering